Mkamwini pa Matope a Thames

Mtsinje wa Thames si mtsinje monga timaidziwira mitsinje. Umapuma ngati chamoyo. Umakokera madzi ake kunyanja yamchere n'kusiya matope ndi miyala poyera, kenako umabwerera nawo madziwo tsiku lomwelo, osadikira mvula, osafunsa mtambo. A Hudson Chadza ankaudziwa kapumidwe kakeko monga mwamuna adziwira mkonono wa mkazi wake.

Chimwalirireni mayi Vera, mkazi wawo, a Hudson ankatsikira kumtsinjeko nthawi iliyonse madzi akaphwa kukuwala. Ankakwera basi ku Lewisham, kutsika ku Greenwich, n'kuyenda pansi kutsata khoma la mtsinje kulowera kumunsi, kupitirira nyumba zatsopano zamagalasi, mpaka podzafika pa doko lakale lomwe linasiyidwa kalekale. Pamenepo pali masitepe amiyala, obiriwira ndi ndere, otsikira pansi. Madzi akachoka, kutsogolo kwa masitepewo kumatuluka msana wautali wa nsangalabwi wolowa m'kati mwa mtsinje. Pakati pa msanawo ndi khoma pali khwawa lamatope. Madzi akaphwa, khwawalo munthu amangolilumpha.

Mbedza ankaponyadi, koma kunyumba sankabwera ndi nsomba. Akakola mkunga kapena nsomba zophwatalala zija zokhala ndi maso onse mbali imodzi, ankaziwonjola n'kuzibwezera. Nsomba yomwe mtima wawo unkafuna mumtsinjemo mulibe, ndipo iwo ankadziwa. Anaidziwira ku Dar es Salaam, komwe anathawira ali mnyamata nthawi ya chipani chimodzi, Vera n'kuwatsatira pambuyo. Asodzi akumeneko ankaitcha karamamba. Ndi yonyezimira ngati lata latsopano, ndipo imadzadya m'mphepete mwenimweni madzi akamadzaza. Ukaitulutsa m'madzi imakukuta pakhosi n'kumang'ung'udza ngati nkhumba yanjala. Vera ataimva koyamba anaseka mpaka kukhala pansi pamchenga.

"Uyu ndi mbale wanu," anatero. "Salankhula mpaka atamukoka ndi mbedza."

Sabata imeneyo kunyumba kwa a Hudson kunali mlendo. A Edgar, mlongo wake wa Vera wamng'ono, anali atabwera kuchokera ku Dedza. Anali munthu wathupi, mlimi wa mbatata ndi kabichi m'madimba a m'mbali mwa Linthipe, mkulu wa mpingo, wokonda kuseka ndi kuyankhula. Sanabwere kudzaona London. Anatumidwa kudzasudzula.

Kwawo kwa Vera, mkazi akamwalira, chaka n'kutha, akuchikazi amakhala pansi ndi mkamwini, kumuthokoza, n'kumumasula. Ukwati watha, pitani mwaufulu, mukafuna kukwatira kwatirani. M'banja limenelo chizindikiro chake ndi mkanda umodzi woyera, womwe mkamwini amaulandira ndi manja awiri. Akangoulandira sakhalanso mkamwini wa mudziwo. Ana amakhalabe a kuchikazi. Iye amabwerera kwawo.

Koma kwawo kwa a Hudson kunali kuti? Makolo awo anamwalira iwo ali kothawira, osatha kukaponya ngakhale dothi. Abale awo anatsatana mmodzimmodzi. Pomwe panali nyumba ya mayi awo, anamva kuti pali chigayo cha munthu wina. M'dziko lonse la Malawi, anthu okhawo omwe ankawaimbirabe foni pa Khirisimasi, omwe ankawatumizira chithunzi mwana akabadwa, omwe ankawatchula kuti alamu, anali a kwawo kwa Vera. Mkanda umenewo unali mpeni wodulira chingwe chomaliza.

N'chifukwa chake tsiku loyamba, a Edgar atangotulutsa kansalu komangidwa mfundo m'thumba la jekete, a Hudson anati, "Tiyi," n'kulowa kukhitchini, osatulukako mpaka mlendo atayamba kusinza. Tsiku lina anati mutu. Tsiku lina anatuluka mlendo akusamba. Wendy, mwana wawo yekhayo, yemwe Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, anaimba kuchokera ku Croydon kuwachonderera kuti angowamvera amalume ake. A Hudson anati, "Ndamva," n'kudula foni.

Tsopano ndege ya a Edgar inali ya mawa lake.

M'mawa umenewo a Hudson anatsika mwakachetechete atanyamula ndodo yawo yowedzera ndi ndowa, koma anapeza mlamu wawo ataima kale pakhomo, atavala suti yopitira kutchalitchi, nsapato zopolishidwa, ndi jasi lakale la a Hudson lomwe silinkakumana pamimba.

"Lero ndikuperekezani, alamu. Ndikaoneko nsomba za azungu, ngati nazonso zimaima pamzere."

A Hudson anayang'ana nsapatozo. "Kuli matope."

"Matope mukuuza mlimi wa dimba?"

M'basi a Edgar anayankhula okha njira yonse. Anadabwa ndi nkhandwe yomwe anaiona ikufufuza m'bini dzuwa likuwala, anafunsa chifukwa chake anthu akuno amavalika agalu majuzi, anafotokoza za feteleza. A Hudson ankangoyang'ana pawindo. Foni yawo anali ataisiya patebulo monga mwa masiku onse akamapita kumtsinje. Ya a Edgar kuno sinkagwira, ankangojambulira zithunzi.

Kunja kunali kozizira, kumwamba kuli mbee, popanda ndi kamtambo komwe. Atatsika masitepe aja, a Edgar akugwirira khoma ndi dzanja limodzi, analumpha khwawa n'kuyenda pamsana wa nsangalabwi mpaka kumapeto kwake. Fungo la matope linali lamphamvu, losakanikirana ndi la mchere ndi la chitsulo chadzimbiri. Tsidya lina nyumba zitalizitali zinkanyezimira. Pakati pa mtsinje panali chibwato chachitsulo chonyamulira mchenga, chomangidwa pamalo amodzi, chopanda munthu, mphuno yake italoza kumtunda.

"Mtsinje wotchuka uja ndi umenewu?" anafunsa a Edgar. "Kamadzi kam'kati umo? Linthipe mu Febuluwale amaposa apa."

A Hudson analoza kumbuyo, kukhoma. Pamwamba pake, kutalika kuposa anthu atatu atasanjikizana, panali mzere pomwe ndere zobiriwira zinkathera.

"Amafika apo."

"Chaka cha chigumula chiti?"

"Lero."

A Edgar anayang'ana kumtunda kwa mtsinje, komwe mvula ikanachokera, monga achitira aliyense wokulira m'mbali mwa mtsinje. Anayang'ana kumwamba. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, nthabwala munayamba liti? Achemwali akanamva akanadzuka."

A Hudson anakonza ndodo yawo yowedzera. Anatunga nyongolotsi pambedza, n'kuponya. Mtovu wolemeretsa chingwe unagwa patali, chingwe n'kuwongoka.

Atatembenuka anapeza a Edgar atakhuthula zonse za m'ndowa, ataivundikira, n'kukhalapo. Anali atavula chipewa. Pabondo pawo panali kansalu kaja, komasulidwa, ndipo pakati pake panali mkanda woyera, waung'ono ngati njere ya chimanga. Nkhope yosekaseka ija inali itachoka.

A Hudson anayang'ana mkandawo. Anazindikira kuti akodwa. Nkhani ya mwambo sakambira choimirira, ndipo wotumidwa akakhala pansi n'kumasula chomwe wanyamula, sadzuka asanalandire yankho. Kunyumba kunali khitchini, kunali chipinda chokhala ndi chitseko. Pano panalibe kolowera.

"Alamu," anayamba a Edgar, mawu awo atatsika, "ine si mwini nkhani. Andituma achemwali athu aakulu, a Sophie, pamodzi ndi mbumba yonse. Akuti tikakuoneni. Akuti chaka chatha, misozi yauma, mwambo uchitike."

A Hudson anayang'ana nsonga ya ndodo yawo.

"A Sophie sakugona. Akumulota Vera ataima kunja kwa mpanda ndi katundu pamutu, osalowa. Akamuitana akuti, sanandimasule. Ine za maloto sindidziwa, ndine wa mpingo. Koma mayi uja wawonda, alamu. Ndikabwerera ndi mkanda uwu m'thumba, ndikamuuza chiyani?"

Mbalame zoyera za kunyanja zinkayenda m'matope, kutolatola. Botolo lapulasitiki linkayandama pafupi, likutsetsereka pang'onopang'ono kulowera kumunsi. A Hudson analitsatira ndi maso chifukwa kunalibe kwina koyang'ana. Linayenda, linayenda, kenako linaima. Linazungulira pamalo amodzi ngati munthu woiwala chomwe amafuna. Kenako linayamba kubwerera, kulowera kumtunda.

Anayang'ana chibwato chija. Chinali chitayamba kutembenuka, mwakachetechete, unyolo wake ukulira pansipansi.

"Madzi atembenuka," anatero a Hudson. "Tiyeni."

"Tsiku lija munati tiyi," anayankha a Edgar osatukula mutu. "Kenako mutu. Lero ndi madzi."

"Akubwera."

"Abwere. Andipeza."

"Tikakambira kunyumba."

"Kunyumba kuli khitchini." A Edgar anaika dzanja pachifuwa. "Ndikulumbira pali achemwali anga ali m'manda a ku Lewisham kuja, pandowa pano sindidzuka mpaka mutalandira, kapena mutandiuza m'maso muli gwa kuti mukukana, ndikanene kumudzi kuti mkamwini wakana mwambo."

Kukana a Hudson sakanatha. Mkamwini wokana mwambo amakhala mdani wa mudzi, ndipo chingwe chikanaduka chimodzimodzi, koma ndi mkwiyo. Kumudzutsa ndi manja sakanathanso. Wotumidwa sakokedwa ngati mbuzi, ndipo ngakhale akanafuna, iwo anali nkhalamba yowonda, mlamu wawo chimunthu cholemera ngati thumba la chimanga.

Anabwerera pandodo yawo. Nthawi inalipobe pang'ono. Ankadziwa kuti madzi a mtsinje umenewu sabwera kutsogolo kokha komwe munthu akuwaona. Amayamba alowa m'khwawa lakumbuyo, mopanda phokoso, ngati wakuba wodziwa nyumba. Madzi saiwala khwawa. Anaganiza kuti mlamu wawo akawaona adzadzuka yekha, lumbiro kapena popanda lumbiro, ndipo nkhani idzafera pomwepo, mawa ndege n'kunyamuka. Anangofunika kukhala chete kanthawi. Kukhala chete ndiyo ntchito yomwe ankaidziwa bwino kuposa zonse.

Koma a Edgar anali atafulatira khoma. Ankayang'ana a Hudson basi.

Nsangalabwi za kumapeto kwa msana zinayamba kumira imodziimodzi. A Hudson anabwerera m'mbuyo pang'ono. Mbalame zija zinauluka zonse pamodzi, kupita kukatera pamizati ya doko. Pakona ya diso anaona khwawa lija likunyezimira. Poyamba kanali kamzere ngati njoka yowothera dzuwa. Atayang'ananso kanali katafutukuka kufika poti munthu sangalumphe.

Apa ndi pomwe akanayenera kunena mokweza, kumugwira mlamu wawo paphewa n'kumutembenuza. Sanatero. M'mutu mwawo munalowa ganizo lina, ndipo linakhala pansi ngati mlendo wosaitanidwa. Munthu akafa asanasudzulidwe amafa ali mkamwini. Kumudzi akanalira maliro a mlamu wawo. Akanamuika pambali pa Vera, ndipo palibe akanabweranso ndi kansalu. Ganizolo silinawaopse. Linali lofunda, ndipo kufundako ndiko kunali koopsa.

Nsonga ya ndodo inagwedera. Manja anachita okha zomwe anazolowera. Anakulunga chingwe, n'kutulutsa nsomba yophwatalala, yofiirira pamsana, yoyera kumimba. Anaigwira n'kuiwonjola. Inkatsegula kamwa ndi kutseka, kutsegula ndi kutseka, osatulutsa liwu lililonse.

"Imeneyonso ndi ya kwanu," anatero a Edgar, akuyesa kumwetulira. "Yakana kuyankha."

A Hudson anaibwezera m'madzi. Sanafunikire kuwerama kwambiri, poti madzi anali atakwera.

Boti lonyamula anthu linadutsa mothamanga pakati pa mtsinje, lodzaza ndi opita kuntchito, mitu yawo itaweramira m'mafoni. Patapita kanthawi mafunde ake anafika, kukwera pansangalabwi, n'kunyambita nsapato zopolishidwa zija. A Edgar anatukula mapazi.

"Ndi boti lija," anatero.

Anadikira kuti madzi abwerere. Sanabwerere. Anangokhala pomwepo mozungulira ndowa, akuda, akuyenda pang'onopang'ono kulowera komwe mtsinje suyenera kulowera. A Edgar anawayang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso kumwamba kopanda mtambo. Kenako, osadzuka, anapotoloza khosi kuyang'ana kumbuyo.

Khwawa kunalibe. Kunali mtsinje wachiwiri, wotakata, wothamanga, wonyamula zinyalala ndi nthambi. Masitepe apansi anali atamira kale. Msana wa nsangalabwi unali utasanduka kachilumba kosakwana bwalo la nyumba, ndipo kankachepa munthu akuona.

Nkhope ya a Edgar inatuwa ngati phulusa.

"Mtsinje ukuyenda chobwerera," ananong'ona.

"Ndinanena."

"Munanena."

A Hudson anadikira kuti mlamu wawo adzuke. Anaona minofu ya m'miyendo ikukungika, dzanja likugwira m'mbali mwa ndowa, thupi likutsamira kutsogolo. Kenako thupilo linabwerera. A Edgar anakhazikika bwinobwino, n'kuwongola kansalu pabondo.

"Ndinalumbira, alamu."

"Dzukani."

"Ndinatchula Vera."

"Mumasambira?"

"Ayi."

Pamwamba pa khoma panadutsa munthu wothamanga, zomvera nyimbo zili m'makutu. Mutu wake wokha ndiwo unaoneka, ukudumphadumpha, kenako unazimiririka. Sanayang'ane pansi. Kuno anthu sayang'ana pansi.

Madzi anakwirira nsangalabwi yomaliza. Analowa m'nsapato za a Edgar, n'kukwera m'masokosi, n'kudetsa miyendo ya suti. A Edgar anakoka mpweya ndi mano chifukwa cha kuzizira. Ndowa inasuntha pang'ono pansi pawo, ikufuna kuyandama. Anayamba kuyimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, koma mawu anawathawa pamzere wachiwiri.

A Hudson anaima ndi ndodo m'manja, madzi akukankha jombo zawo zamphira. Anamuyang'ana munthuyu. Anamudziwa ali kamnyamata kamamina, kotumidwa ndi Vera kukapereka uthenga kuseri kwa sitolo. Tsopano anali ndi zidzukulu, ndi kabichi woyembekezera kuthiriridwa, ndipo anali atavala jasi lobwereka lomwe silinkakumana pamimba. Ganizo lofunda lija linali la munthu mmodzi. Pakachilumbapa panali anthu awiri.

Mawu anatuluka m'kamwa mwa a Hudson movutikira, ngati akuchita kukokedwa.

"Mukandimasula, ndipita kuti?"

A Edgar anatukula maso. Milomo yawo inali itayamba kuda. Anatsegula pakamwa, ndipo a Hudson anaona kuti akufunafuna mawu abwino, mawu a mkulu wa mpingo, oti mudzakhalabe wathu, oti pakhomo n'potsegula. Koma munthu amene madzi amufika m'mawondo sanama bwino.

"Sindikudziwa, alamu. Ine anangondituma."

Funde laling'ono linamenya ndowa. A Edgar anapendekeka, mkanda n'kugubuduka pakansalu mpaka m'mphepete. Anautchinga ndi chikhatho.

A Hudson anagoneka ndodo yawo pamadzi. Inayandama pang'ono, kenako kulemera kwa chokulungira chingwe kunaimiza. Wolandira sakhala pamwamba pa wopereka. Anapinda maondo awo okalamba, n'kugwada m'madzimo. Kuzizira kunawalasa mpaka m'chiuno ngati mikondo. Anaomba m'manja mofatsa, monga anawaphunzitsira amalume a Vera tsiku lomwe anakaonekera kumudzi, n'kutambasula manja onse awiri.

Ankaganiza kuti mlamu wawo angoponya mkandawo n'kudzuka. Koma a Edgar anawongola msana, mano akugundana, n'kunena mawu onse monga anawatumira, osadumpha ndi limodzi lomwe.

"Mwana wathu munamutenga ali mtsikana. Munamusunga kuchilendo. Atadwala munamudwazika, atamwalira munamuika mwaulemu. Mlandu ndi inu tilibe. Mbumba yakuthokozani. Kuyambira lero takumasulani."

Mkandawo unagwera m'manja mwa a Hudson. Unali wopepuka ngati palibe kanthu.

"Ndalandira."

A Edgar anadzuka, ndipo ndowa inatumphuka pomwepo n'kuyamba ulendo.

"Kumasitepe?"

"Ayi. Kwakuya."

A Hudson analoza kudoko lakale. Pansi pa mizati yake panali zidutswa za simenti zomwe zinagumuka kalekale n'kugwera m'khwawa, ndipo pakhoma pamenepo panali makwerero achitsulo. Anali asanawakwerepo, koma madzi akaphwa ankaona pomwe zidutswazo zagona. Anayang'ana mkanda. Matumba onse akanalowa m'madzi, ndipo manja ankafunika onse awiri. Anauika m'kamwa, pansi pa lilime.

Anagwira dzanja la a Edgar n'kulikoleka palamba wawo kumbuyo. Anayamba kuyenda.

Madzi anafika m'chiuno, kenako m'nthiti. Ankakankha kuchokera kumbali, mosalekeza, ngati khamu la anthu potuluka m'sitima. A Hudson ankafufuza ndi phazi asanaponde, kufuna cholimba pakati pa zofewa. Kumbuyo ankamva mpweya wa mlamu wawo, wofulumira, wodukaduka, ndi dzina la Yesu likutuluka pakati pa mano. Jombo zinadzaza n'kulemera ngati miyala.

Pakati penipeni lamba anakoka mwamphamvu. A Edgar anali ataponda pambali pa simenti, mwendo n'kulowa m'thope. Anamira mpaka pachibwano, maso atatuzuka, dzanja lina likumenya madzi. A Hudson anatembenuka, kukumbatira mzati woterera ndi mkono umodzi, n'kugwira kolala ya jasi ndi dzanja linalo. Anakoka. Thope linakana. Anamva nkhono za pamzati zikung'amba mkono wawo, anamva msana ukulira. Anakokanso, mano ataluma, mkanda ukubaya pansi pa lilime. Thope linameza nsapato n'kulavula munthu.

Makwerero anali adzimbiri, ozizira mowotcha. Chitsulo chimodzi chinali chitaduka mbali imodzi. A Hudson anakankhira mlamu wawo patsogolo, n'kumaika okha phazi lopanda nsapatolo pachitsulo chilichonse, chifukwa mwini wake sankalimvanso. Madzi ankawatsatira m'munsi, akukwera nawo, osafulumira.

Pamwamba anagwera pasimenti youma, pafupi ndi benchi. Madzi ankatuluka m'zovala zawo n'kupanga timitsinje tolowera kukhoma. Mayi wina woyendetsa mwana pakangolo ka ana anaima chapatali, n'kufunsa m'Chingerezi ngati aitane ambulansi. A Hudson anapukusa mutu. Mayiyo anazengereza, kenako anapitirira, akucheuka.

A Hudson anadzuka n'kugwira chitsulo cha pakhoma. Pansi panalibe msana, panalibe khwawa, panalibe chosonyeza kuti panakhalapo anthu. Panali madzi okhaokha, otakata, odekha, akunyezimira padzuwa. Kutali, ndowa yawo inkapita ku Greenwich, ikuzungulira.

A Edgar anakhala tsonga, atakumbatira maondo, thupi lonse likunjenjemera. Anayang'ana mkono wa a Hudson womwe unkatuluka magazi.

"Ala..." anayamba, n'kuima.

Anayang'ana pansi, paphazi lawo lopanda nsapato.

"Bambo Chadza," anatero. "Zikomo."

A Hudson anafuna kuyankha. Mkanda unali ukadali m'kamwa, ndipo chomwe chinatuluka si mawu. Linali liwu lochokera pansi pakhosi, lalifupi, lokhakhala, lomwe iwo eni anali asanalimvepo m'kamwa mwawo. Panali munthu mmodzi yekha yemwe akanalizindikira, ndipo akanaseka mpaka kukhala pansi.

Analavulira mkandawo m'chikhatho. Anauyang'ana, n'kufumbata.

"Tiyeni mukafunde," anatero. "Ndege yanu ndi ya mawa."

Anatsogola. A Edgar ankabwera pambuyo, akutsimphina, nsapato imodzi ikulira pasimenti, phazi linalo lili chete. A Hudson sanayende nawo pambali monga m'mawa. Ankayenda patsogolo pang'ono, n'kumacheuka pamphambano iliyonse, monga achitira munthu wolondolera mlendo njira.